M'mera mpoyamba: momwe mungayendetsere semesita yanu yoyamba pa Chanco

Dzina lanu latuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite wa NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Kunyumba nthungululu zalira, azakhali aimba foni kuchokera ku Joni, ndipo kutchalitchi ayamba kale kukutchulani kuti "a ku koleji". Mwalimbikira, ndipo ulemu wanu ukuyenerani. Koma tiyeni tikhale kaye pansi, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachizindikira madzi atafika kale m'khosi: munthu sakhoza semesita m'sabata ya mayeso. Amaikhoza kapena kuitaya m'masabata 4 kapena 5 oyambirira, nthawi imene aliyense akuona ngati sukulu sinayambe kwenikweni.

Ndikamba za Chanco, ndiye kuti Chancellor College ya ku Zomba, chifukwa ndi kumene ndinaphunzira. Kuyambira 2021 dzina lake pa makalata ndi University of Malawi, pomwe Poly inasanduka MUBAS ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, koma pakamwa pa anthu Chanco ndi Chancobe. Amene mukupita ku Bunda, ku Mzuni kapena ku MUST ku Thyolo mungosintha mayina a malo, zambiri ndi zomwezi.

Musananyamuke kunyumba

Yambani ndi mapepala. Kalata yokuitanani, chiphaso cha unzika, chikalata cha zotsatira za MSCE, lisiti ya kubanki ngati mwalipirako fizi, ndi zithunzi zing'onozing'ono za pasipoti. Chilichonse chichiteni fotokope kangapo, chijambuleninso pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Ikani zonse mu envelopu ya pulasitiki, ndipo envelopuyo ikhale m'chikwama chapamsana, osati mu sutikesi imene kondakitala aimangirira kumbuyo kwa minibasi.

Ngati kwanu ndalama n'zovuta, nkhani ya loni musaiyambe mutafika ku Zomba. Bungwe loona za ngongole za ophunzira la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limalengeza nthawi yofunsira ngongole ndi tsiku lotsekera. Tsatirani zolengeza zawo eni ake, osati mphekesera za pa gulu la WhatsApp, ndipo lembani zoona zokhazokha za pakhomo panu. Dziwaninso zinthu ziwiri. Choyamba, imeneyi ndi ngongole, mudzaibweza mukamaliza. Chachiwiri, ngakhale dzina lanu litatuluka, ndalama sizilowa tsiku limene mwatsika basi. Khalani pansi ndi makolo kapena okulerani, muwauze mosabisa kuti mukufunika ndalama yodyera ndi yogonera ya mwezi woyamba wathunthu.

Pa katundu, musaiwale neti yogonamo, bulangete lolemera ndi juzi. Zomba ili m'munsi mwa phiri, ndipo mu June ndi July chiperoni chikatsika mumadzafunsa ngati mulidi kum'mwera. Tengani ambulera, chidebe, loko wabwino ndi tochi.

Pogona

Malo m'mahositelo ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, choncho funsirani msanga koma konzekeraninso zokakhala kunja. Ambiri amathera kwa Chikanda chifukwa n'pafupi, munthu amangoyenda wapansi. Ena amapita kwa Matawale kapena ku Chinamwali, kumene muyenera kuwerengeranso ndalama ya kabaza kapena minibasi tsiku lililonse.

Apa ndipo ndikufuna mumvetsere kwambiri. Musatumize ndalama ya depoziti kwa munthu amene wangokutumizirani zithunzi za chipinda pa foni. Pitani mukaone ndi maso anu, kapena tumani munthu amene mumamudziwa kuyambira kwanu. Mukafika, musangoyang'ana penti. Tsegulani mpope muone ngati madzi akutuluka, ndipo funsani okhalapo kale, osati landilodi, kuti amatuluka masiku angati pa sabata. Yang'anani kudenga ngati pali madontho a mvula ya chaka chatha. Gwedezani chitseko ndi zitsulo za pawindo. Werengani kuti chimbudzi ndi bafa mukugawana anthu angati. Funsani kuti mayunitsi a magetsi amagula ndani, ndiponso ngati amalola kuphikira pa hotipuleti, chifukwa mikangano yambiri ya pa mpanda imayambira pamenepo. Ndiye funsani funso limene ambiri amaliiwala: pa holide lendi mumalipira yonse, theka, kapena ayi? Zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala, nonse musaine, ndipo nthawi iliyonse mukalipira tengani lisiti kapena sungani uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba.

Yendaninso njira yochokera pa nyumbayo kukafika ku laibulale nthawi yamadzulo, muone ngati mungaiyende mutanyamula laputopu.

Mesho, ndiye kuti mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, amatha kukhala m'bale wanu wa moyo wonse. Kuti zitero, kambiranani usiku woyamba womwewo: magetsi azithimitsidwa nthawi yanji, alendo azifika mpaka liti, ndiwo muziphika pamodzi kapena aliyense zake. Zimamveka zochititsa manyazi tsiku loyamba, koma n'zopepuka kusiyana ndi kudzakambirana mutakwiyirana kale.

Sabata ya orienteshoni ndi kulembetsa makosi

Musajombe orienteshoni. Mudzakhala mu Great Hall kwa maola ambiri, koma ndi mmene amafotokoza malamulo a mayeso, kumene kuli kiliniki, ofesi ya Dean of Students (mkulu woona za umoyo wa ophunzira) ndi mmene laibulale imagwirira ntchito. Akakupatsani buku la malamulo a ophunzira, liwerengeni lonse madzulo amodzi. Fufuzanimo zinthu zitatu n'kuzilemba pachikuto cha kope lanu: malikisi okhozera ndi angati, munthu amaloledwa kulemba sapu (mayeso obwereza) akalephera makosi angati, ndipo amachotsedwa sukulu zikafika pati. Musadalire zimene maconti, ndiye kuti ophunzira amene anayamba kale, akukuuzani pa zimenezi, chifukwa malamulo amasintha ndipo iwo akukumbukira a chaka chawo.

Polembetsa makosi, onetsetsani kuti kodi ya kosi iliyonse ndi yolondola, ndipo mukamaliza sungani umboni wake. Ikani makosi anu onse pa taimutebulo imodzi muone ngati awiri sakugundana ola limodzi. Akagundana, pitani ku dipatimenti sabata yomweyo. Safunsa anadya phula, ndipo palibe amaseka yearo, wophunzira wa chaka choyamba, chifukwa chofunsa njira ya ku ofesi.

Pepala lofunika kuposa onse

Mlekichala aliyense amapereka pepala la ndondomeko ya kosi, lotchedwa course outline, kumayambiriro. Ambiri amalipinda n'kuliponya m'chikwama. Inu musatero. M'menemo ndi mmene muli mitu yonse ya semesita, mabuku oyenera kuwerenga, ndi kagawidwe ka malikisi pakati pa CA ndi mayeso omaliza. CA ndi malikisi amene mumatolera pang'onopang'ono kudzera m'maasainimenti, m'mayeso apakati, m'zofotokoza pamaso pa kalasi ndi m'ntchito za mu labu.

Tiyerekeze kuti kosi yanu yagawa 40 ku CA ndi 60 ku mayeso omaliza. Amene watolera 30 pa 40 amalowa m'chipinda cha mayeso ali kale pafupi ndi doko. Amene ali ndi 12 pa 40 ayenera kuchita zodabwitsa m'maola atatu, pa mitu ya miyezi inayi, mtima uli m'mwamba. Onse awiriwa ndi anzeru, onse anakhoza bwino MSCE. Kusiyana kwawo kunachitika m'mwezi woyamba. Ku sekondale munazolowera kuti zonse zimathera pa mayeso a MANEB a kumapeto kwa Fomu 4, ndiye mutu umakuuzani kuti nthawi ikadalipo. Kuno ayi: kamayeso kakang'ono ka Lachiwiri lija kakulowa kale pa zotsatira zanu.

Choncho chitani izi. Tengani pepala lalikulu, lembani masabata onse a semesita kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo tsanulirani pamenepo masiku onse a maasainimenti ndi mayeso a makosi onse. Likhomeni pakhoma pamene maso anu amayamba kugwera mukadzuka. Mudzaona nokha kuti pali masabata awiri kapena atatu pamene zonse zaunjikana. Amenewo ndiwo amagwetsa anthu, ndipo mankhwala ake n'kuyamba ntchito zina kukadali masabata awiri.

M'kalasi

Palibe adzakuimbirani belu, ndipo palibe hedimasitala adzabwera kudzakudzutsani. Makalasi ena a chaka choyamba amakhala ndi anthu mazanamazana, ndiye fikani msanga mukhale kutsogolo kumene mawu amamveka. Musayese kulemba liwu lililonse. Lembani mfundo, zitsanzo zimene mlekichala wapereka pakamwa zomwe sizili pa masilaidi, ndi chilichonse chimene wabwereza kawiri. Madzulo a tsiku lomwelo, patulani mphindi 30 kuwerenganso notsizo n'kudzaza mipata zinthu zikadali m'mutu. Ichi ndi chizolowezi chaching'ono koma ndimachiona chofunika kuposa kuwerenga usiku wonse.

Ambiri amene tinachokera ku masukulu a CDSS timavutika masabata oyambirira ndi Chingerezi cha m'mabuku a ku koleji. Zimenezi si umbuli, ndipo zimatha. Khalani ndi kakope kolembamo mawu atsopano a phunziro lanu. Kosi ya luso la chilankhulo ndi kulemba imene mayearo amapatsidwa musainyoze poganiza kuti ndi yapambali. Ndi imene imakuphunzitsani kulemba nkhani ya ku koleji ndi kutchula kumene mwatenga mfundo.

Sungani nambala ya class rep, wophunzira woimira kalasi yanu, ndipo lowani pa gulu la WhatsApp la kosi iliyonse, chifukwa kusintha kwa chipinda kapena ola kumalengezedwa kumeneko. Alekichala amakhala ndi nthawi yoonana ndi ophunzira ku ofesi. Pitani ndi funso lenileni: "Ndawerenga mutu uwu, ndamva mpaka apa, koma apa ndasokonezeka." Mukamawalembera uthenga, perekani moni, tchulani dzina lanu, nambala yanu ndi kosi, ndipo tumizani masana.

Pezani anzanu 3 kapena 4 okambirana nawo. Gulu likapitirira pamenepo limasanduka bwalo la nkhani za mpira. Aliyense azibwera atawerenga kale gawo lake n'kudzaphunzitsa enawo. Mukatha kufotokozera mnzanu mfundo m'Chichewa mpaka iye n'kugwedeza mutu, ndiye kuti mwaimvadi.

Asainimenti yoyamba

Tsiku limene mwapatsidwa funso, liwerengeni katatu n'kudula mzere pansi pa mawu amene akukuuzani chochita. "Discuss", "compare" ndi "explain" si chinthu chimodzi, ndipo anthu ambiri amataya malikisi poyankha bwino funso limene sanafunsidwe. Tsiku lomwelo pitani ku laibulale, chifukwa mabuku ofunika amakhala ochepa ndipo pofika sabata yomaliza amakhala ali m'manja mwa ena. Onjezerani ndi Google Scholar pamene pali Wi-Fi ya pasukulu kuti musamalize bandulo yanu.

Pamene mukuwerenga, lembani nthawi yomweyo dzina la mlembi, chaka, mutu wa buku ndi tsamba. Mukazengereza, mudzakhala usiku womaliza mukusaka kumene munatenga chiganizo. Funsani ngati dipatimenti yanu imafuna kalembedwe kotchulira mabuku ka APA kapena kena, n'kutsatira kamodzi kokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako konzani mafupa a nkhani yanu pa pepala, mfundo imodzi pa ndime imodzi, musanatsegule kompyuta.

Musakopere. Kaya ndi pa intaneti, kwa conti amene anachita kosiyo chaka chatha, kapena ku ChatGPT, kupereka mawu a wina ngati anu ndi mlandu waukulu pa yunivesite iliyonse. Chimene chimandiwawa ine kwambiri pa nkhaniyi si chilango chokha ayi, koma kuti asainimentiyo ndiyo inayenera kukuphunzitsani zimene mudzafunsidwa pa mayeso, pomwe sipadzakhala foni.

Malizani kutatsala masiku awiri. Magetsi amazima, laputopu imafa, ndipo pamalo osindikizira pamakhala mzere m'mawa wa tsiku lopereka. Dzitumizireni ntchito yanu pa imelo madzulo alionse. Pa ntchito ya pagulu, gawanani zochita tsiku loyamba, lembani pa WhatsApp kuti wakuti achita chakuti pofika tsiku lakuti, ndipo wina akamazemba muuzeni msanga mwaulemu.

Ndalama

Ndalama ikalowa, musanagule kanthu, ichotsereni lendi. Yotsalayo igaweni ndi chiwerengero cha masabata amene atsala kufikira ina idzabwere. Imene yatulukayo ndiyo yanu ya pa sabata, ndipo yotsala ikhale kubanki kapena pa nambala ina imene simuyenda nayo. Musatengere bajeti ya munthu amene anamaliza zaka zapitazo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye mitengo ya nthawi yake ndi nthano. Yendani nokha pa msika wa kwa Mpondabwino kapena mu msika waukulu wa Zomba ndi cholembera.

Kuphika nokha kumapulumutsa kwambiri, makamaka mukasonkherana awiri kapena atatu. Ufa bwerani nawo kuchokera kumudzi ngati n'kotheka, pamodzi ndi nyemba ndi mtedza. Gulani mafuta, sopo, shuga, bonya ndi soya zambiri nthawi imodzi, ndipo masamba ndi tomato muzigula masiku ndi masiku. Zomba pa ndiwo zamasamba ndi yodalitsika. Nyemba muziphika Lamlungu zokwanira masiku awiri. Chipisi cha pa chiwaya n'chokoma, koma chikakhala cha tsiku lililonse chimadya fizi. Ndipo idyani m'mawa, ngakhale phala kapena mbatata yokha. Kalasi ya 7:30 ndi m'mimba mopanda kanthu siziyenderana.

Katapila mupeweni, ndipo kubetcha pa mpira musakuyambe n'komwe. Ndinaona mnyamata wanzeru kwambiri m'kalasi mwathu akugulitsa laputopu yake chifukwa cha zimenezi, kenako n'kulephera kulemba maasainimenti. Zikakuvutani zenizeni, mwagona ndi njala kapena landilodi akukuthamangitsani, pitani ku ofesi ya Dean of Students kapena kwa atsogoleri a bungwe la ophunzira. Mwina sadzathetsa zonse, koma amadziwa makomo amene inu simukuwadziwa.

Moyo wa kunja kwa kalasi

Lowani gulu limodzi kapena awiri, osati asanu. Alipo a mapemphero monga SCOM, CCAPSO, a Akatolika ndi a Asilamu, alipo a mtsutso, kwaya, mpira ndi zisudzo, ndipo Chanco mbiri yake ya zisudzo ndi ndakatulo ndi yakale ndithu. Amene mukufuna utolankhani, wailesi ya pasukulupo ndi malo oyambira. M'magulu amenewa ndi mmene mumakumana ndi maconti a mtima wabwino amene angakupatseni mapepala a mayeso akale ndi kukuuzani kuti kosi yakuti imafuna chiyani. Loweruka lina kwerani phiri ndi anzanu mukaone damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, mutu umapepuka.

Kwa asungwana ndi anyamata omwe: padzakhala anthu amene adzakukondani mwadzidzidzi m'sabata yoyamba chifukwa akudziwa kuti ndinu achilendo. Dekhani, simunachedwe. Munthu aliyense, kaya wophunzira mnzanu kapena wogwira ntchito, akakuumirizani zogonana posinthana ndi malikisi, malo kapena ndalama, sungani mauthenga ake ndipo kanenani kwa akuluakulu oyenera. Mlandu si wanu. Usiku muziyenda awiriawiri. Thupi likatentha pitani kukiliniki akakuyezeni malungo tsiku lomwelo, osangomwa panado n'kugona. Ndipo mukaona kuti masiku akudutsa simukufuna kudzuka, kudya kapena kuona anthu, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kapena alangizi a pasukulu. Muziyang'aniranso mesho wanu pa zomwezi.

Mayeso akayandikira

Kutatsala masabata atatu, funsani malikisi anu a CA pa kosi iliyonse. Ngati pali asainimenti imene munapereka koma sikuoneka, ino ndiyo nthawi yokonza, mutanyamula pepala lanu lochongedwa. N'chifukwa chake mapepala obwezedwa sitikulungira zitumbuwa mpaka zotsatira zitatuluka. Onetsetsaninso kuti za fizi zili bwino ku ofesi ya zachuma, kuti musadzabwezedwe pakhomo la chipinda cha mayeso.

Nthawi yambiri ipatseni kosi imene CA yake ndi yofooka, osati imene mumaikonda. Tengani mapepala a mayeso akale, tsekani notsi, ikani wotchi patebulo n'kuyankha ngati zenizeni. Taimutebulo ya mayeso ionereni nokha pa bolodi kapena pa tsamba la sukulu, ndipo ionereninso kawiri chifukwa yoyamba kutuluka imatha kusintha. Gonani maola okwanira usiku wa mayeso. M'mawa tengani ID, zolembera ziwiri ndi kalikyuleta ngati ikuloledwa, foni isiyeni kumene mumagona, ndipo fikani kutatsala mphindi 30. Mukalandira pepala, werengani malangizo onse, gawani nthawi molingana ndi malikisi a funso lililonse, n'kuyamba ndi limene mukulidziwa bwino.

Mukamaliza pepala lomaliza, musathamangire kudepoti musanabweze mabuku a ku laibulale ndi kukambirana ndi landilodi za chipinda chanu. Notsi zonse pitani nazo kunyumba, musazisiye kwa Chikanda kapena kuzigawa. Zotsatira zikatuluka n'kupeza kuti pali sapu, musabise kwa makolo. Auzeni tsiku lomwelo kuti mupeze ya thiransipoti, funsani ku dipatimenti tsiku lolembera, ndipo tsegulani kope lija pa mutu umene unakuvutani.